Galimoto ya Mlimi: Yambani ndi Katundu

Mlimi akagulitsa bwino soya kapena nshawa, mtima umathamangira kugula galimoto, ndipo ambiri mwa ophunzira athu akale amayamba ndi kufunsa kukula kwa injini. Ife timati yambani ndi katundu.

Vaneti yonga Toyota Hilux imanyamula pafupifupi tani imodzi, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50. Injini ya dizilo ya malita 2.4 imakoka katundu wotere popanda bvuto. Ya petulo ya malita 4.0 imathamanga ndithu, koma imamwa mafuta kwambiri ngakhale pobwerera opanda kanthu. Kucoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 500. Phindu lonse la ulendo lingathere m'thanki.

Coopsa ca injini yamphamvu ncakuti imanyenga. Idzakwera mapiri a ku Luangwa ndi matumba 30 osadandaula, koma mabuleki ndi matayala sanapangidwire kulemera kumeneko. Pamtsetse wautali mabuleki amatentha, nasiya kugwira, makamaka ngati woyendetsa sanaike giya yaing'ono. Cotero musanapereke ndalama, pitani ndi makanika wanu, osati wa wogulitsa, akaone mabuleki, matayala ndi malamba a pamipando.