Maboma Athu: Ku Mchinji Njanji Ilipo, Wokwera Palibe

Boma la Mchinji, lomwe atsamunda ankalitcha Fort Manning, lili kumapeto kwa msewu wa M12, makilomita opitirirako pang'ono 100 kuchokera ku Lilongwe. Kuno ndi kuchimake kwa mtedza, fodya, soya ndi chimanga. Ndi kwawonso kwa Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu, abale a Angoni a Mpezeni, amene mwezi wa Febuluwale ukafika amawoloka malire kulowa m'Zambia kukavina ingoma ku mwambo wa Nc'wala. Anthu a kuno ndi oyenda, ndipo sayenda chimanjamanja. N'zodabwitsa tsono kuti pa siteshoni ya pa Boma palibe amene amakadikirirapo sitima lero.

Ambiri amati idaphedwa ndi minibasi, koma mbiri ikutsutsa. Njanji idafika ku Lilongwe kuchokera ku Salima mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, ndipo mu 1980 idafika ku Mchinji. Cholinga sichinali kuthera pano, chinali kulowa m'Zambia. Koma chigawo cha tsidya linalo, chosakwana n'komwe makilomita 30, chidayambika mu 1982 n'kudzatha mu Ogasiti 2010, pamene atsogoleri a maiko awiriwa, Rupiah Banda ndi Bingu wa Mutharika, adachitsegulira ku Chipata. Zaka zoyambirirazo nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira za ku madoko a Beira ndi Nacala. Siteshoni ya Mchinji idabadwa yotsekeka kumutu ndi kumiyendo komwe, ndipo njanji yosowa katundu wolemera siingapeze ndalama zoyendetsera mabogi a anthu. Pofika 1999, pamene boma lidapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, mwini watsopanoyo adaika mtima pa katundu wa ku Nacala. Sitima ya anthu idatsalira kumwera, pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi.

Wina anganene kuti palibe chataika, poti minibasi imafika ku Lilongwe msanga kuposa sitima iliyonse yomwe idayendapo pa njanji imeneyi. Kwa mphunzitsi wonyamula kachikwama n'zoona. Koma taonani mayi wa geni pa Kamwendo, waima m'mphepete mwa msewu ndi matumba ake a mtedza. Kuchokera kumudzi walipira kale wakabaza. Kondakitala akamuona amayamba wawerenga matumba, kenako n'kutchula mtengo, thumba lililonse pakepake, ndipo lina amalikana kuti kumbuyo kwadzaza. Mafuta akasowa mtengo umadumpha tsiku lomwelo. Akawerengera zonsezi, mayiyo amangogulitsa kwa venda wobwera ndi sikelo yake pakhomo, pa mtengo womwe vendayo wanena. Mtedza suthamangira nthawi ngati tomato. Chimene mwini wake akusowa ndi malo otakasuka ndi mtengo wodziwika kale asanachoke pakhomo. Izi ndi zimene bogi la sitima limapereka, ndipo njanjiyo ikudutsa pafupi pomwepo.

Dandaulo lamphamvu ndi lakuti sitima ya anthu siipindulitsa. Limeneli sindilikana. Komatu ndi maiko ochepa kumene imadzilipirira yokha. Kwina konse imatsamira pa katundu kapena pa thumba la boma, ndipo ya ku Nayuchi ikuyenda chifukwa anthu a m'njiramo akuyisowa, osati chifukwa ikulemeretsa wina. Chifukwa chakale chomana Mchinji chidali chakuti njanji ikuthera pathengo. Chifukwacho chidatha mu 2010, nkhondo ya ku Mozambique nayo idatha mu 1992. Ngati akuluakulu ali ndi chifukwa china chatsopano, anthu a kwa Mlonyeni ayenera kuchimva poyera.

Pa chipata cha Mwami, m'malire ndi Zambia, ofesi imodzi ya maiko awiri idatsegulidwa mu Disembala 2022, ndipo ku Zambia akukambabe zotalikitsa njanji kuchoka ku Chipata kukakumana ndi ya TAZARA ku Serenje. Mwina katundu akachuluka adzakumbukira kulumikizako bogi limodzi la anthu.