Mlatho wa M'kati mwa Mutu



Nkhani yathu ya lero iyambira pa Dzaleka, m'boma la Dowa, pamene pakhala anthu othawa nkhondo kuyambira mu 1994. Pa tsiku la msika, mai amene watsika kumapiri ndi dengu la mbatata amakumana ndi wogula wochokera ku Congo. Wogulayo akayankhula Chiswahili, maiyo satolapo kanthu, komabe amadziwa ngati munthuyo akufunsa, akudandaula za mtengo, kapena akungoseleula. Kodi maiyu wamva chiyani pamene mauwo sakuwadziwa?

Yankho lili mu ubongo, umene uli ndi mbali ziwiri. Mwa anthu ambiri, mbali yakumanzere ndiyo imasanthula mau enieniwo ndi kusanjika kwake m'chiganizo. Izi zinayamba kudziwika pamene Paul Broca wa ku France mu 1861, ndi Carl Wernicke wa ku Germany mu 1874, anafotokoza za odwala amene anaonongeka mbali imeneyi: ena ankalephera kuyankhula, ena ankalephera kumvetsa zonenedwa. Mbali yakumanja imatchera khutu kwambiri ku kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene kumaulula mkwiyo, chisoni kapena chisangalalo. Imeneyi ndiyo imathandiza mai uja pamsika.

Koma poyankhulana m'chinenero chimene tikuchidziwa, mbali imodzi siikwanira. Taganizani za liwu loti "mwabwera". Likhoza kukhala lolandira mlendo, likhoza kukhala funso, ndiponso likhoza kukhala chidzudzulo kwa bambo wofika pakati pa usiku. Kuti womva asalakwitse, zimene yamva mbali ina ziyenera kukumana msangamsanga ndi zimene yamva inzake. Zimakumana podzera pa mlatho wa timitsempha pafupifupi 200 miliyoni, umene madokotala amautcha corpus callosum.

Tidziwa bwanji kuti mau amaoloka pamenepa? Mu 1961, ku Montreal m'dziko la Canada, Doreen Kimura anamvetsera anthu manambala osiyana m'makutu awiri pa nthawi imodzi. Ambiri anagwira bwino olowa kukhutu lakumanja. Chifukwa chake n'chakuti njira yaikulu yochokera kukhutu lililonse imapita ku mbali ya ubongo ya kutsidya. Motero mau a khutu lakumanja amafika mwachindunji kumanzere, pamene a khutu lakumanzere amayamba afika kumanja, kenaka n'kuoloka mlatho. Mu 1968, Brenda Milner ndi anzake anayesa zomwezo pa odwala khunyu amene madokotala anawadula mlathowo pofuna kuchepetsa kugwa kwao. Odwalawo analephera kutchula pafupifupi zonse zolowa kukhutu lakumanzere, ngakhale khutulo linali labwinobwino. Ndipo mu 2007, Angela Friederici wa ku Leipzig anaonetsa kuti mbali yakumbuyo ya mlathowu ikaonongeka, ubongo sulumikizanso bwino kukwera ndi kutsika kwa liwu ndi kusanjika kwa chiganizo.

Tsono, abale, nkhaniyi ikutikhudza kumudzi komwe. Matenda a sitiroko, amene kawirikawiri amadza ndi kuthamanga kwa magazi, amaononga mbali imodzi ya ubongo. Munthu akafa ziwalo zakumanja, nthawi zambiri mau amamuvutanso, komabe akhoza kuzindikira ngati mukumuyankhula mwachikondi kapena mwaukali. Choncho musamukalipire poganiza kuti sakumva. Wofa ziwalo zakumanzere akhoza kumva mau onse, koma osazindikira nthabwala kapena chisoni chanu. Sikuti wayamba mwano ai, ndi matendawo.

Mukaona munthu wapindika pakamwa mwadzidzidzi, dzanja lafooka, kapena mau akusokonekera, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye ku chipatala nthawi yomweyo, pakuti ola lililonse lotayika limaononga ubongo.