Kumanga Kanyumba Kogona pa Pikiapu Yoyenda M'misewu Yovuta

Mvula ikangokata, m'misewu yopita ku Nyika, ku Cape Maclear ndi ku Majete mumayamba kuoneka magalimoto a pikiapu osenza chibokosi chachitsulo kumbuyo. Ambiri amakhala ndi manambala a ku South Africa, ena a maiko a ku Ulaya. Dzuwa likapendeka, eni ake amaima pamalo abwino, n'kumasula zokowera zingapo, ndipo denga la chibokosicho limatukuka. Pakati pa denga ndi zipupa pamatambasuka chilona chokhala ndi mazenera a ukonde, m'kati n'kupezeka bedi, malo oimirira munthu wamkulu ndi posungira ziwiya. Pa Chingerezi kanyumba kotere amakatchula kuti pop-up camper.

Masiku ano si alendo okaona malo okha amene akuganizira za tinyumba totere. Ogwira ntchito za umoyo, za ulimi, za nkhalango ndi zokumba mijigo nthawi zina amatha sabata yathunthu kumadera kumene kulibe nyumba yogona alendo. Namondwe wa Freddy ataononga misewu ndi milatho ku Mulanje ndi ku Phalombe mu March 2023, zinaonekeratu kuti pali nthawi imene munthu wantchito amayenera kugona komwe kwamudera. Amisiri owotcherera zitsulo nawo angapezepo ntchito. Koma aliyense wofuna kumanga kanyumba kotere ayenera kuyamba ndi funso limodzi, ndipo si la bedi kapena firiji: kodi galimotoyo ingasenze makilogalamu angati?

Galimoto iliyonse ili ndi malire a kulemera amene anaikidwa ndi kampani yoipanga. Malirewo amalembedwa pa kachitsulo kokhomedwa pa galimotoyo, nthawi zambiri pafupi ndi chitseko kapena ku injini, komanso m'buku lake. Pikiapu ya zitseko zinayi monga Toyota Hilux, Isuzu D-Max kapena Ford Ranger imaloledwa kusenza katundu wa pafupifupi tani imodzi, ndipo zina sizifika pamenepo. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti m'chiwerengerochi muli chilichonse chokwera pa galimotoyo, kuphatikizapo dalaivala mwini wake.

Chitsanzo chingathandize. Pikiapu ina ikhale yololedwa kusenza makilogalamu 900, ndipo kanyumba kake kalemere makilogalamu 400. Anthu awiri akuluakulu atenga 150. Madzi okwana malita 80 ndi makilogalamu 80, poti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Zigubu ziwiri za dizilo za malita 20 chilichonse zifika pafupi ndi 40, tayala lachiwiri lapadera 35, firiji ndi batire lake 60, ndipo chakudya, zovala ndi zida zokonzera galimoto zikwana 100. Pamenepo afika kale pa 865. Mwini galimoto akaonjezera bampala yachitsulo chokhuthala kutsogolo ndi makina okokera galimoto ikatitimira, malire aja adutsidwa ulendo usanayambe n'komwe.

Galimoto yolemera mopitirira muyeso siionetsa vuto lake pa msewu wa phula wa ku chidikha. Imaulula pa mtsetse. Msewu wochokera ku Chitimba kukwera ku Livingstonia ndi wa makilomita pafupifupi 15 okha, koma uli ndi makona akuthwa okwana 20, ndipo wotsika nawo atadalira mabuleki okha amawatenthetsa mpaka kuleka kugwira bwino. Pamalo otere dalaivala wanzeru amatsika ndi giya yoyamba kapena yachiwiri kuti injini izimugwirira galimoto. Nayonso misewu ya fumbi yokhala ndi timizere tolimba ngati malata imatopetsa mashoko ndi masipuling'i, ndipo katundu akachuluka amathyoka msanga. Ena amagula masipuling'i olimba n'kumaganiza kuti vuto latha. Masipuling'iwo amathandizadi kuti kumbuyo kusafwamphuke pansi, koma sasintha mphamvu ya mabuleki, ya ekiselo kapena ya chesesi, ndipo malire olembedwa pa kachitsulo kaja amakhala omwewo.

Pamene katundu waikidwa ndi pofunikanso ngati kuchuluka kwake. Ubwino waukulu wa denga lotukuka wagona pomwepa: poyenda, kanyumbako kamakhala kofupika, motero galimoto siipendama kwambiri pamalo otsetsereka cham'mbali, siikodwa m'nthambi za mitengo, ndipo siimwa mafuta ambiri polimbana ndi mphepo. Ubwino umenewu umatayika ngati mwini wake asanjika zigubu ndi matayala pamwamba pa dengalo. Zolemera zonse, monga thanki ya madzi ndi batire, ziyenera kukhala pansi ndiponso kutsogolo, moyandikana ndi kumene kumakhala anthu. Pa pikiapu ya zitseko zinayi, gawo lalikulu la malo a katundu lili kumbuyo kwa ekiselo. Katundu wolemera akakhala kumapeto kwenikweni amapepukitsa matayala a kutsogolo, chiwongolero n'kumayandama, ndipo galimoto ikagwera m'dzenje pa liwiro chesesi ikhoza kupindika pakati. N'chifukwa chake odziwa za maulendo otere amakonda pikiapu ya zitseko ziwiri, kapena Land Cruiser ya mtundu wa 79, akafuna kanyumba kokulirapo.

Makampani opanga tinyumbati, monga Alu-Cab ya ku Cape Town, amagwiritsa ntchito aluminiyamu chifukwa ndi yopepuka ndipo siichita dzimbiri. Mmisiri wa kuno amene angakamange ndi chitsulo wamba ayenera kusamala kwambiri, pakuti chitsulo chimalemera pafupifupi katatu kuposa aluminiyamu. Kanyumbako kamangidwe ndi mabawuti pamalo olimba, osati ndi zingwe, ndipo mabawutiwo aziyang'anidwa tsiku lililonse la ulendo chifukwa kugwedezeka kumawamasula. Kuwotcherera kapena kuboola chesesi mwachisawawa kumaifooketsa. Ntchito ikatha, ndi bwino kukaiyeza galimotoyo pa sikelo itapakiridwa ngati ikunyamuka, komanso kufunsa ku ofesi yoona za pamsewu ndi ku kampani ya inshuwalansi ngati kusinthako kukufunika kulembetsa.

Za magetsi sizivuta kumvetsa. Firiji ndi nyali zikhale ndi batire lawolawo, losiyana ndi loyatsira injini, kuti m'mawa galimoto isakane kulira munthu ali kutali ndi thandizo. Batire lachiwirilo limadzazidwa ndi injini poyenda, ndi sola ya pa denga galimoto ikaima. Waya aliyense akhale ndi fyuzi pafupi ndi batire.

Matayala ndiwo asamanidwe ndalama. Pamafunika a m'mbali molimba, opangidwira katundu wolemera, ndipo pampu ndi geji yoyezera mpweya zisasowe m'galimoto. Pa mchenga, monga wa m'mphepete mwa nyanja, kuchepetsa mpweya kufika pa mabaa 1.5 kapena cha pomwepo kumapangitsa tayala kuponda malo aakulu ndi kusatitimira. Akabwerera pa phula mpweyawo ubwezeretsedwe, apo ayi tayala limatentha n'kuphulika. Fosholo, chingwe cholimba chokokera ndi thabwa loikapo jeke pa dothi lofewa n'zotsika mtengo, koma zimapulumutsa kawirikawiri kuposa zida zodula. Pa mtsinje wosefukira palibe chida chothandiza. Paipi yokwezera mpweya wa injini pamwamba siisandutsa galimoto kukhala bwato, ndipo madzi othamanga amakankha m'mbali mwa kanyumba ngati akukankha chipupa. Madzi akadzadza, amadikira kuti aphwe.

Ngozi ina imabwera usiku, galimoto itaima. Ku Nyika, kumene malo ambiri ndi okwera kuposa mamita 2,000, m'miyezi ya June ndi July kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu, ndipo munthu amalakalaka kulowetsa mbaula m'kati n'kutseka mazenera. Makala oyaka pamalo otsekedwa amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka kapena kununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Chitofu cha gasi nacho chili ndi vuto lomweli. Kuphika kuzichitikira panja, ndipo kuzizira kuzithetsedwa ndi mabulangete. Ku chigwa cha Shire ndi kunyanja mdani ndi udzudzu, choncho ukonde wa m'mazenera usakhale ndi kabowo ngakhale kamodzi.

M'malo otetezedwa monga Liwonde ndi Majete, amene akuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma, wogona m'galimoto amayenera kuima pamalo okhawo amene anakonzedwera zimenezi. Kumudzi, mlendo amayamba wakaonekera kwa mfumu asanatukule denga lake, ndipo zinyalala zake amanyamula pochoka. M'mawa chilona chimakhala chonyowa ndi mame. Chikapindidwa chisanaume chimachita chuku n'kufumbwa, motero ngati ulendo uli wofulumira, dengalo litukulidwenso masana pamalo opumira kuti chilonacho chiwambidwe ndi dzuwa.