Kalata ya honors ikafika, musathamangire kusaina

Mwana akapeza malo pa yunivesite yaikulu ya ku America, nthawi zina pambuyo pa kalata yomulandira pamabwera inanso. Imeneyi imamuyamikira chifukwa cha mmene anakhozera, kenako n'kumuitana kuti alowe m'gulu la honors. Makolo amene amandifunsa za kalata yotere amakhala atavomera kale mumtima, chifukwa ulemu sakana. Ineyo ndinali m'gululi pamene ndinkaphunzira sayansi ya zamoyo pa yunivesite ina ya boma kumeneko, ndipo linandipindulitsa. Koma ndinaonanso anzanga anzeru kundiposa amene linangowalanda tulo, osawapatsa kanthu kooneka.

Choyamba tisasokoneze ndi zimene tinazolowera kuno ku Africa. Ku South Africa, Honours ndi chaka chapadera chimene munthu amawonjezera akamaliza digiri ya zaka zitatu, asanayambe Masters. Ku America digiri ndi yomweyo ya zaka zinayi, ndipo mwana wa honors amamaliza tsiku limodzi ndi anzake. Kusiyana kuli pa njira imene wadutsa: makalasi ena amaphunzira padera ndi anzake ochepa osankhidwa, ndipo kumapeto amalemba kafukufuku wakewake.

Maganizo amenewa anawalimbikitsa kwambiri ndi a Frank Aydelotte, amene anaphunzira ku Oxford ndi thandizo la Rhodes, n'kudzakhala mkulu wa Swarthmore College ku Pennsylvania mu 1921. Iwo ankadandaula kuti makoleji a ku America amaphunzitsa aliyense pa liwiro limodzi, moti wophunzira wachangu amangokhala n'kumadikira. Mu 1922 anayambitsa dongosolo loti ophunzira otere azikumana m'timagulu ting'onoting'ono, aziwerenga okha zambiri, ndipo mayeso awo omaliza azipereka ndi aphunzitsi ochokera m'mayunivesite ena. Ku Swarthmore mwambo wa oyesa akunjawu ulipobe.

Koma kumene dongosololi linakula zedi ndi m'mayunivesite a boma, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. Mayunivesite amenewa ali ndi ophunzira masauzande ambirimbiri, ndipo ana okhoza kwambiri ankawathawa kupita ku makoleji aang'ono odula. Kuti awakope, anamanga kakoleji kakang'ono mkati mwa yunivesite yaikulu. Ku Penn State kuli Schreyer Honors College, imene inalandira dzinali mu 1997 banja la a William Schreyer litapereka madola 30 miliyoni. Ku Arizona State kuli Barrett, yotchedwa dzina la a Craig Barrett, amene anali mkulu wa kampani ya Intel, ndi akazi awo a Barbara. Choncho kalata ija ndi ulemu ndithu, komanso ndi malonda. Yunivesite ikufuna mwana wanuyo chifukwa magiredi ake amakweza mbiri yake, ndiye muli ndi ufulu wofunsa kuti iyo ikupatsani chiyani.

Chimene ine ndinapeza chinali munthu wondidziwa dzina. M'chaka choyamba kalasi yathu ya chemistry inkachitikira m'holo yodzaza anthu mazanamazana, mphunzitsi akulankhula pa maikolofoni, ife akumbuyo tikumuona ngati kadontho. Ukanajomba mwezi wathunthu sakanadziwa. Madzulo a tsiku lomwelo ndinkalowa m'kalasi ya honors, mmene tonse tinkakwana pa tebulo limodzi. Mmenemo kubisala kunalibe. Ukapanda kuwerenga, aliyense ankadziwa pasanathe mphindi zochepa. Kwa ine, wochokera ku sekondale kumene kutsutsa mphunzitsi kunali chipongwe, masabata oyamba anali ovuta. Mayi amene ankatiphunzitsa anandibwezera nkhani yanga yoyamba atalemba m'mphepete kuti ndafotokoza bwino zimene wolemba buku ananena, koma sakuona pamene ine ndaima. Palibe anali atandifunsapo zimenezo chiyambire sukulu. Ndinaphunzira kulemba m'kalasi imeneyo, ndipo mpaka lero ndi luso limene limandidyetsa kuposa sayansi yeniyeniyo.

Pali zabwino zina zing'onozing'ono. M'mayunivesite ambiri ophunzira a honors amalembetsa makalasi anzawo asanayambe, ndipo ichi n'chachikulu kuposa mmene chikumvekera, chifukwa kalasi yofunika ikadzaza ukhoza kudikira mpaka chaka chamawa. Kwina amakhala ndi nyumba zogona zawozawo, kwina ndalama zoyendera kapena zochitira kafukufuku.

Mtima wa nkhani yonse ndi kafukufuku wa chaka chomaliza uja. Umasankha funso, n'kupeza mphunzitsi wovomera kukutsogolera, n'kugwira naye ntchito pafupifupi chaka. M'malo ambiri pamapeto umaima pamaso pa aphunzitsi awiri kapena atatu n'kuteteza zimene walemba. Ndiko kulawa koyamba kwa moyo wa Masters kapena PhD. Ndipo mphunzitsi amene wakuona ukulakwitsa n'kukonza kwa miyezi yonseyi ndi amene angakulembere kalata yokuchitira umboni yokhala ndi mfundo zenizeni. Amene amasankha anthu ku maphunziro apamwamba amasiyanitsa msanga kalata ya mphunzitsi wokudziwa ndi ya amene anangoona dzina lako pa mndandanda wa magiredi. Ngati mwana ali ndi cholinga chopitiriza sukulu, ichi chokha n'chokwanira kuti avomere.

Komano walira mvula walira matope. Kuti ukhalebe m'gululi pali mlingo wa magiredi umene sukuyenera kutsika. Magiredi kumeneko amawerengedwa kufika pa 4.0, ndipo ku Schreyer amafuna 3.40. Mwana wongofika kumene, amene akulimbana ndi chisanu, chakudya chachilendo ndi Chingelezi cholankhulidwa mothamanga, akhoza kugwa teremu yoyamba ngakhale ali wanzeru. Funso lofunika kwambiri n'lakuti: kodi thandizo la fizi limene wapatsidwa lamangiriridwa ku honors? Ngati lamangiriridwa, kutuluka m'gululi ndi kutayanso ndalama, ndipo kwa banja limene likutumiza makwacha osintha kukhala madola, zimenezo zikhoza kumusiyitsa mwana sukulu. Ndinaona mnzanga wina akupewa makalasi ovuta amene ankawakonda, n'kumasankha ofewa, pongofuna kuteteza magiredi. Dongosolo lopangidwira kulimbitsa mtima ophunzira linamusandutsa wamantha, ndipo zimenezi zimandipwetekabe.

Kwina honors ili ndi fizi yakeyake yowonjezera pa teremu, monga ku Barrett, ndipo siioneka msanga m'kalata yoitana ija. Ndiye pali nthawi. Wophunzira wakunja wa chitupa cha F-1 ayenera kutenga makirediti osachepera 12 pa teremu, ndipo amaloledwa kugwira ntchito pa sukulu pomwepo mpaka maola 20 pa sabata. Ana athu ambiri maola amenewa amawagwira onse, m'khitchini kapena mulaibulale, kuti apeze ya sopo ndi mabuku. Onjezanipo kuwerenga kwa honors. Kwa wophunzira uinjiniya kapena unamwino, amene makalasi ake anandandalikidwa kale kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza, mpata umachepa kwambiri. Mayunivesite ena amathetsa vutoli polola kuti kalasi wamba iwerengedwe ngati ya honors, bola wophunzira agwirizane ndi mphunzitsi za ntchito yowonjezera. Njirayi imathandiza, koma ndinene mosabisa kuti nthawi zambiri imangokhala ntchito yambiri popanda tebulo lija la kukambirana, lomwe ndi phindu lenileni.

Za ntchito musayembekeze zodabwitsa. Wolemba anthu ntchito ku Lilongwe kapena ku Blantyre adzafunsa digiri, yunivesite ndi zimene munthu akutha kuchita. Mawu a honors pa satifiketi sadzamusuntha. Mwana amene akufuna kumaliza n'kuyamba ntchito ya makompyuta angapindule kwambiri atathera nthawi yomweyo akuphunzira ntchito pa kampani.

Ndiye makolo akandiyimbira, ndimapempha kulankhula ndi mwanayo, chifukwa wowerenga mabukuwo usiku ndi iyeyo. Ndimamufunsa ngati pali funso lina lake limene angakonde kulitsata chaka chonse ngakhale popanda womukakamiza. Akayankha msanga, maso akuwala, ndimamuuza kuti alowe. Akati akungofuna kusangalatsa bambo ake, ndimamuuza kuti alembere ofesi ya honors ndi kufunsa zinthu zitatu: ngati fizi ikwera, ngati thandizo lake lingachotsedwe atatuluka, ndiponso ngati angalowe chaka chachiwiri. M'mayunivesite ambiri khomo limenelo limakhala lotsegula kwa amene akhoza bwino chaka choyamba, ndipo pofika nthawiyo mwana amakhala atadziwa aphunzitsi, kulemera kwa makalasi ake ndi maola amene ntchito ikumudyera.