Momwe madzi a Shire amasandukira magetsi

Magetsi ambiri amene amayaka m'Malawi muno amachokera ku mtsinje umodzi, wa Shire. Ukatuluka m'nyanja ya Malawi n'kudutsa Malombe ndi Liwonde, mtsinjewu umafika pamathithi pomwe umatsetsereka mamita oposa 300 usanalowe m'chigwa cha Chikwawa. Pamenepo ndi pomwe pali Nkula, yomwe idayamba ntchito mu 1966, Tedzani ya mu 1973 ndi Kapichira ya mu 2000. Kuyambira 2017 malowa amayendetsedwa ndi EGENCO, ndipo ESCOM idatsala ndi ntchito yotumiza ndi kugulitsa magetsiwo.

Mphamvu yomwe ingapezeke imadalira kuchuluka kwa madzi komanso kutalika kwa pomwe akugwera. Madzi amapatutsidwa padamu, kulowa m'mapaipi akuluakulu, n'kukakankha mapiko a makina otchedwa turbine. Makinawo akamazungulira, amazunguliritsanso maginito mkati mwa jenereta, pafupi ndi mawaya akopa okulungidwa, ndipo m'mawayamo mumabadwa magetsi. Madziwo sapsa, sachepa: amabwerera mumtsinje, kotero odutsa pa Nkula amakagwiranso ntchito ku Tedzani ndi ku Kapichira. Thiransifoma imakweza mavoti kufika pa 66,000 kapena 132,000 kuti magetsi asatayike ambiri m'njira, kenaka amatsitsidwa mpaka 230 a m'nyumba.

Malo otere salola chibwana. Amisiri asanalowe m'makina, zitseko za madzi zimatsekedwa, switchi imakhomedwa ndi loko, ndipo mawaya amalumikizidwa ndi nthaka kuti magetsi otsalira asaphe munthu. Zipewa zolimba ndi zotseka m'makutu sizosankha.

Koma chimene chimasautsa kwambiri makinawa chimachokera kutali ndi mpanda wawo. Mitengo ikatha m'mapiri chifukwa cha makala, ndipo minda ikafika m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, mvula imakokolola dothi n'kulitsitsira mu Shire. Matopewo amadzaza madamu, malo osungira madzi n'kuchepa, pomwe mchenga umaperesa mapiko a turbine. Feteleza wokokoloka amanenepetsa namasupuni, yemwe amatseka zitsulo zosefera madzi, makina n'kuzimitsidwa kuti zinyalala zichotsedwe. N'zomvetsa chisoni kuti banja lomwe lagula thumba la makala chifukwa magetsi athima likukulitsa, mosafuna, vuto lomwe lawathimitsalo. Pofuna kuchepetsa zimenezi, pali makina okumba matope m'madamu, ndipo ku Liwonde kuli chotchingira udzu woyandama pamodzi ndi makina ouwolera kumtunda.

Madzi akachuluka mopyola amawononganso. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula mbali ya damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo adayambanso kugwira ntchito mu 2023.

N'chifukwa chake kuyeza madzi kuli ntchito ya tsiku ndi tsiku. Akatswiri amawerenga msinkhu wa nyanja, mvula yomwe yagwa ndi madzi odutsa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, yomwe idamangidwa mu 1965. Zitseko zake zimatsekulidwa molingana ndi manambalawo, kuti madzi ena asungike m'nyanja kudikira chilimwe. Kusamalaku kuli ndi chifukwa: pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja idatsika kwambiri moti Shire adatsala pang'ono kuleka kuyenda.