Kodi mumadziwa? Injiniya amayambira pa tupa

Kodi mumadziwa kuti Henry Royce, mwini dzina limene lili pa mainjini a ndege a Rolls-Royce, sanamalize kuphunzira ntchito? Mu 1878, asanakwanitse zaka 16, analowa kumalo okonzera sitima zapamtunda a kampani ya Great Northern Railway ku Peterborough, m'dziko la England. Mayi wina wachibale ndiye ankamuthandiza ndi ndalama kuti aphunzire. Patangotha zaka zitatu thumba linauma, mnyamata n'kusiyira panjira. Anapitiriza kudziphunzitsa yekha, akugwira ntchito zamagetsi, kufikira pamene anakumana ndi Charles Rolls ku Manchester mu 1904. Nkhani yake imandikhudza mtima, chifukwa ndimaganizira anzake a mutu ngati wake amene ndalama zitawathera anabwerera kwawo osamvekanso.

Nanga mumadziwa kuti lamulo la ku England la mu 1563 linkafuna kuti munthu akhale pamapazi a mmisiri zaka 7 asanayambe kugwira yekha ntchito yamanja? Pangano lake linkatchedwa indenture. Kalekale mapangano otere ankawalemba kawiri pachikopa chimodzi, n'kuchidula pakati mokhotakhota ngati mano a sowo. Aliyense ankasunga chidutswa chake, ndipo pakabuka mlandu ankalumikiza zidutswazo kuti aone ngati manowo akulumana.

Lero zinthu zinatembenuka: kampani ndiyo imalipira wophunzira. Kuyambira mu Epulo 2017, olemba ntchito a ku Britain amene malipiro a antchito awo onse amapitirira mapaundi 3 miliyoni pachaka amapereka msonkho wa 0.5 peresenti ya malipirowo, wothandizira kuphunzitsa anthu ntchito. Ndipo kuyambira mu 2015 wachinyamata wa ku England angathe kupeza digiri ya uinjiniya ali pantchito, akulandira malipiro mwezi ndi mwezi, fizi ya kuyunivesite osalipira yekha. Malo ake ndi ochepa, ofuna ndi khwimbi, choncho kulowa si masewera ayi.

Kodi mumadziwa chimene ambiri amayamba kugwira akafika m'fakitale yodzaza makina a kompyuta? Ndi tupa. Wophunzira amavala ovolosi yake yatsopano, nsapato zachitsulo kuphazi ndi magalasi oteteza maso, mtima uli dyokodyoko kuti lero aona injini. M'malo mwake amamuimika pathebulo la chitsulo, n'kumupatsa kachitsulo kokhakhala ndi pepala la chojambula. Ntchito yake ndi kupala kachitsuloko mpaka mbali zonse zitasalala, makona atakhala chilili, muyezo utafanana ndi wapapepala. Amakapana pavayisi n'kuyamba kukhwekhweretsa. Tupa imadya chitsulo ikamapita kutsogolo, pobwerera sidya, ndipo dzanja losazolowera limapendama, pakati pa chitsulo n'kutsala kamtunda. Mlangizi amaika sikweya pakona, kenako amanyamula chitsulocho kuloza kuwindo. Kuwala kukangodutsa pakati pa sikweya ndi chitsulo, ndiye kuti bwererani mukapalenso. Ukapala mopitirira muyezo palibe chobwezera, umatenga chitsulo china n'kuyambanso. Pofika madzulo m'manja muli matuza, mapewa ali lendee.

Ena amati kumeneku n'kutaya nthawi popeza makina angachite zimenezi m'kanthawi kochepa. Ine sindivomereza. Munthu amene wapala chitsulo ndi manja ake amadziwa mmene chimalimbira, amamva m'khutu mpeni wa makina ukabuntha, ndipo akadzakhala pakompyuta sadzajambula chinthu chimene mnzake wa m'fakitale sangathe kuchipanga.

Kodi mumadziwa kuti kachipangizo kotchedwa micrometer, kamene amaphunzira kugwiritsa ntchito m'miyezi yoyambayo, kamayeza mpaka 0.01 ya milimita? Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa kangapo kuposa pamenepo. Ngakhale kutentha kwa m'manja kumafufumitsa chitsulo pang'ono, n'chifukwa chake miyezo yofunika kwambiri amaitengera m'chipinda chimene chimasungidwa pa madigiri 20.

Ku Germany njira imeneyi ndi msana wa mafakitale. Wophunzira amakhala kukampani masiku ambiri a sabata, tsiku limodzi kapena awiri n'kupita kusukulu ya ntchito imene iwo amati Berufsschule. Kuphunzira umakaniko wa m'fakitale kumatenga zaka zitatu ndi theka, ndipo mayeso omaliza sakonza ndi abwana ake, amakonza ndi bungwe la zamalonda ndi mafakitale, kotero kuti satifiketi yake imagwira ntchito m'dziko lonse. Kodi mumadziwa kuti Robert Bosch sanakhutire ndi mmene anaphunzitsidwira iye ali mnyamata ku Ulm? Atakhala ndi kampani yakeyake, anatsegula malo apadera ophunzitsira achinyamata ku Stuttgart mu 1913.

Soichiro Honda atapita ku Tokyo mu 1922, ali ndi zaka 15, kukaphunzira kukonza magalimoto pagalaja ya Art Shokai, miyezi yoyamba anaithera kulera mwana wa abwana. Alex Ferguson, asanatchuke ku Manchester United, anaphunzira ntchito yopanga zida za makina ku Glasgow. Frank Whittle, mmodzi mwa anthu amene anatulukira injini ya jeti, poyamba anakanidwa kulowa gulu la ophunzira ntchito a asilikali a ndege a Britain chifukwa chofupika ndi kuchepa thupi, koma anayesanso mpaka analowa mu 1923. R. J. Mitchell, amene anajambula ndege ya Spitfire, anayambira kufakitale ya mainjini a sitima zapamtunda ku Stoke-on-Trent.

Nanga mumadziwa kuti kampani yaikulu simusunga wophunzira pamalo amodzi? Miyezi ingapo ali kwa ogoba zitsulo, ina kwa olumikiza makina, ina kwa oyesa, ina kuofesi ya zojambula. Ubwino wake ndi woti amaona ntchito kuchokera kumutu mpaka kumchira. Chowawa chake n'chakuti akangozolowerana ndi anthu, akusamuka, kukakhalanso mlendo wofunsa kumene kuli sitolo ya zida. Ndiye pali sukulu. Anzake akaweruka n'kupita kokacheza, iye akutsegula buku la masamu, komanso akulemba zonse zimene wagwira kuti womuyang'anira asayinire. M'khamu la antchito masauzande, mnyamata wamanyazi angathe kuiwalika, pokhapokha atapeza mmisiri wachikulire womukonda amene angamuuze kuti, "Bwera kuno, gwira apa, wamva mmene ikunjenjemerera?"

Kodi mumadziwa zimene manja amenewa amadzagwira pamapeto pake? Mkati mwa injini ya jeti ngati za Trent, zimene Rolls-Royce imalumikiza ku Derby, muli timapeni tozungulira timene timagwira ntchito mumpweya wotentha kuposa pamene chitsulo chake chimasungunukira. Sitisungunuka chifukwa ali ndi tinjira mkati ndi timabowo ting'onoting'ono totulutsa mpweya wozizirirapo umene umatikuta. M'malo olumikizira mainjini otere sipanala iliyonse ili ndi pokhala pake pamene pajambulidwa chithunzi chake. Imodzi ikasowa, ntchito imaima mpaka ipezeke, poti kachitsulo koiwalika mu injini kangathe kuphetsa anthu mlengalenga. Ku Derby komweko kampaniyi inatsegula sukulu mu 2022 yophunzitsa achinyamata ntchito za nyukiliya, za mainjini a sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Sukulu ya Overtoun ku Livingstonia, imene Robert Laws anayambitsa mu 1894, inkaphunzitsa achinyamata ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku ndi kutumiza matelegalamu, ndipo ambiri mwa iwo anakagwira ntchito mpaka m'mayiko oyandikana nafe. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti ithandize maphunziro a ntchito zamanja. Ophunzira a m'makoleji a ntchito zamanja a ku Soche, Nasawa, Salima, Namitete, Lilongwe ndi Mzuzu amayenera kukagwirako ntchito kukampani asanamalize. Chimene ndimalakalaka n'chakuti akafika kumeneko asamangowatuma kukagula mandasi, awagwiritse zida.

Kodi mumadziwa za loko? M'mafakitale osamala, munthu asanalowetse dzanja m'makina kuti akonze, amazimitsa magetsi n'kukhoma switchi ndi loko yakeyake, yolembedwa dzina lake, kiyi n'kuika m'thumba. Ngati okonza ali asanu, maloko amakhalanso asanu, kulendewera pamalo amodzi. Wophunzira naye amapatsidwa yake. Amisiri onse angathe kumaliza n'kuchotsa maloko awo, kapitawo angathe kuyang'ana wotchi kangapo, koma makinawo sayaka mpaka mnyamata wazaka 17 uja atatuluka, kupukuta m'manja, n'kutsegula loko yake.