Kompyuta iziti "Sunga" kapena "Sungani"?

Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene kampani ya Canonical inatulutsa koyamba mu 2004, dzina lake ndi lachibale ndi mawu athu akuti umunthu. Ndi yaulere, ndipo aliyense ali ndi ufulu woikonza. Kukonzako si kwa akatswiri a makompyuta okha ayi. Mawu ooneka pa sikirini amakhala m'mafayilo awoawo, moti wodziwa chinenero chake akhoza kuwamasulira pa Launchpad. Ndiye funso langa nali: mphunzitsi wa ku Mchinji akayatsa kompyuta yotere, izimulankhula Chichewa chotani?

Anthu ambiri amathamangira kupeka mawu atsopano. Ine ndimaona kuti pamene pagona nkhani ndi pena.

Poyamba ndi ulemu. "Sunga" timauza mwana, wamkulu timati "Sungani". Chingerezi sichisiyanitsa zimenezi, choncho womasulira ayenera kudzifunsa kuti akulankhula ndani. Pa batani, munthu ndiye akutuma makina, ndipo "Sunga", "Tseka" ndi "Fufuta" n'zokwanira. Koma kompyuta ikamapempha munthu, iziti "Lembani mawu achinsinsi". Ikangoti "Lemba", bambo wachikulire amva ngati akutumidwa ndi mdzukulu wake.

Kachiwiri ndi mgwirizano wa mawu. Opanga mapulogalamu amalemba chiganizo chimodzi chokhala ndi mpata, ndipo kompyuta imalowetsamo dzina lililonse. Kwa ife zimenezi sizitheka, poti mneni amatsata gulu la dzina: fayilo yafufutidwa, chithunzi chafufutidwa, mafayilo afufutidwa. Makina sadziwa kuti asankhe "ya-", "cha-" kapena "a-". Njira yake ndi kutembenuza chiganizo kuti dzina libwere pambuyo: "Mwafufuta chithunzi", "Mwafufuta mafayilo". Apa mneni akugwirizana ndi munthuyo, dzina n'kumangosintha popanda kuthyola kanthu.

Kachitatu ndi kalembedwe, ndipo apa Mchinji ndiye muyezo wabwino. Makompyuta amazindikira chinenero chathu ndi zilembo ziwiri, ny, kaya ukuchitcha Chichewa, monga Malawi anagamulira mu 1968, kaya Chinyanja monga ku Zambia. Wamalonda wa ku Mchinji ndi mnzake wa ku Chipata amamvana bwinobwino akakumana pa chipata cha Mwami. Akagwira cholembera ndiye amasiyana: kuno "chakudya", mabuku a sukulu a kutsidyako "cakudya". Pulogalamu yoona kalembedwe ikangodziwa mbali imodzi, kalata ya mnzathuyo idzadzaza mizere yofiira ngati walakwitsa. Wofufuza "chakudya" m'mafayilo ake sadzapezanso pamene panalembedwa "cakudya". Chimodzimodzi chilembo cha ŵ: pa Linux chimatuluka ukadina batani la Compose, kenako ^ ndi w, koma pulogalamu yofufuzira iyenera kudziwa kuti Malaŵi ndi Malawi ndi dziko limodzi.

Maganizo anga ndi akuti omasulira a mbali zonse ziwiri agwire ntchito imodzi pa ziganizo, koma mindandanda ya kalembedwe ikhale iwiri, wa MW ndi wa ZM, munthu azisankha yekha. Agwirizanenso za ulemu ndi mgwirizano wa mawu asanamasulire ngakhale batani limodzi. Kupanda kutero, mphunzitsi uja adzawerenga mauthenga awiri atatu osamveka, n'kubwezera kompyuta yake ku Chingerezi tsiku lomwelo.